Anatibwereka Malo

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuimira anthu a m'midzi pa milandu ya malo, ndayenda maulendo ambirimbiri ndi mboni. Ena amasanza m'galimoto, ena amafika pakhomo la khoti n'kuiwala ndi dzina la agogo awo lomwe. Koma ulendo umene sindifuna kuukumbukira, womwenso ndi umene umandibwerera kawirikawiri, ndi wa ine ndi a Zimba, kuchoka kuseri kwa Nkhamenya kupita ku Lilongwe. Tinkapita kukamasulira liwu limodzi lokha la Chichewa.

Mlandu wake unali wotere. Mabanja oposa makumi anayi ankakhala m'mphepete mwa kamtsinje kena, mkati mwa malire a esiteti ya fodya. Makolo awo ndi amene anagwetsa nkhalango pamalopo, manda awonso ali pomwepo. M'nthawi ija mabwana ankagawana chigwa cha Kasungu ngati nyama ya pa ukwati, bwana wina anafika n'kuyamba kulima fodya, kenako anthu anangoona mabikoni a simenti atamera m'minda mwawo. Bwanayo anamwalira, ana ake anagulitsa esitetiyo, ndipo wogulayo anafuna kuti anthu a kumtsinje achoke, akumbepo damu. Anthuwo anabwera kwa ine.

Ineyo ndine mwana wa tenanti. Bambo anga anachoka ku Mulanje kudzalimira ena fodya ku Kaomba, ndipo ndinakulira m'kanyumba ka udzu kuseri kwa chigafa, pa nthaka imene sitinkaloledwa kudzalapo ngakhale mtengo wa papaya. Mwana wotere akaphunzira za malamulo amatuluka ndi mkwiyo wake wokonzeka kale. Anzanga a kusukulu amayendera magalimoto oti ukatseka chitseko sumva phokoso lakunja, pomwe ine ondilemba ntchito amandithokoza ndi nkhuku ndi mtedza. Ndinkanyadira zimenezo, mwinanso mopitirira muyeso.

Chimene chinkatipweteka pa mlanduwo chinali pepala limodzi lakale. Kutabuka mkangano wina zaka zambiri zapitazo, a Zimba, mkulu wa m'mudzimo, anakapereka umboni ku boma, ndipo kalaliki analemba mawu awo momwe anawanenera: "Bwana anatibwereka malo." Pansi pake wina anamasulira m'Chingerezi kuti bwanayo ndiye anapatsa anthuwo malo okhalapo kwa kanthawi. Aliyense amene anayamwa Chichewa akudziwa kuti liwu limeneli limayenda mbali ziwiri. Mnzako akati "uje anandibwereka khasu," sungadziwe mwini khasulo mpaka utafunsa. Maloya a esiteti ankati anthuwo ndi obwereka chabe, ndipo wobwereka amachoka mwini wake akafuna. Ine ndinkati womasulira anaphonya, bwana ndiye anadzabwereka kwa eni nthaka n'kukakamira osabweza. Munthu yekhayo wamoyo amene akanathetsa mkanganowo anali mwini mawuwo, ndipo khoti linatipatsa Lachinayi m'mawa kuti adzalankhule.

Sabata imeneyo mafuta anali atasowa. Galimoto yanga inali itatha masiku atatu pamzere ku Lilongwe, choncho ndinapita pa basi, ndinagona ku Nkhamenya, ndipo Lachitatu m'mamawa ndinalowa m'mudzi ndi njinga zamoto ziwiri.

Ndinapeza mudzi wonse uli pabwalo ngati pali chinkhoswe. A Zimba anali ataima pakati, munthu wamtali wa zaka za m'ma eyite, mkulu wa mpingo, wolankhula pang'onopang'ono mpaka womvera kuyamba kuyabwidwa. Anavala jekete yakuda yonunkha mankhwala a njenjete, tayi, ndi nsapato zopukutidwa mpaka kuwala. M'jumbo munali Baibulo ndi mtedza wokazinga. Anthu anapemphera, pemphero lalitali lotchula woweruza, dalaivala ndi matayala omwe. Mwana wawo wamkazi, mayi wa ana asanu dzina lake Nelesi, anawakonza kolala.

"Bambo, mukalankhule mokweza, musakachite zanu zomeza mawu zija," anatero.

"Mukawauze, dada!" anakuwa mwamuna wina kumbuyo. "Minda yathu ili m'kamwa mwanu."

A Zimba anangogwedeza mutu. Anavula nsapato, naziika m'jumbo kuti zisadetsedwe ndi fumbi, nakwera njinga atakhala chiriri ngati ali pa benchi ya akulu a mpingo. Njira ya ku msewu waukulu imadutsa m'kati mwa esiteti yomweyo. Unali mwezi wa Juni, fodya atathyola kale, m'minda mutatsala mapesi okhaokha ndi mphepo yoluma makutu.

Pa siteji ya Nkhamenya tinapeza minibasi muli anthu asanu, kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi. Titalowa, awiri mwa asanuwo anatsika n'kuyamba kuitanira nawo. A Zimba anandiyang'ana modabwa.

"A loya, si paja anati watsala mmodzi?"

"Amatero nthawi zonse, bambo. Ndi ntchito yawo."

"Ntchito yake yonama?" anafunsa, ndipo anayamba kuvala nsapato akupukusa mutu.

Tinakhala pamenepo ola ndi theka. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwerera m'mbuyo, kuzimitsa. Mtengo anauwirikiza kawiri, ati mafuta ndi a m'zigubu, ndipo amene sakufuna ayende wapansi akakafika adzatiuze. Pa Chatoloma tinakhotera kuseri kwa golosale ina, kumene anatithirira mafutawo ndi botolo lodula pakati, tonse tili momwemo, mwamuna wina akusuta chapafupi. Palibe anadandaula. Anthu a m'minibasi amasunga mkwiyo wawo kuti akaugwiritse ntchito pa chenje.

Pamsewu ndinayamba kubwereza ndi mboni yanga mafunso omwe ndinakhala ndikuwafunsa kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

"Bwana anabwera kwa amalume anu kudzabwereka malo, si choncho?"

"Eya, anabwera."

"Ananena kuti zaka zitatu?"

"Zitatu."

"Ndipo sanabweze?"

"Yayi, sanabweze."

Mtima wanga unakhala pansi. Mboni yotere, yosaonjezera, yosakometsa, loya amailota. Ndinkaona kale nkhope za anzanga a mbali inayo.

Tinafika pa Kasungu dzuwa lili pamutu. Pa depoti oitanira anatigwera ngati nyerere pa fupa. Wina analanda jumbo ya a Zimba kuthamangira nayo ku basi ina, wina anawakoka dzanja kulowera kwina, ndipo ndinachita kutukwana kuti munthu ndi Baibulo lake akumanenso. Kenako a Zimba anafuna kukataya madzi. Atamva kuti chimbudzi n'cholipira, anaima pakhomo pake nthawi yaitali akufunsa mayi wolondera kuti kwenikweni akugulitsa chiyani. Ndinawagulira tchipisi cha pa chiwaya, koma mano anali atatsala owerengeka, choncho anadya nthochi ziwiri ndi tiyi. Minibasi ya ku Lilongwe inadzaza cha m'ma thu koloko, anayi pa mpando wa atatu, mawondo a a Zimba atatsamira pa thumba la nyemba la munthu wina.

Pafupi nawo panakhala mayi wina wonenepa, wovala mpango kumutu, wa bizinesi ya zitenje, amene anadzitchula yekha kuti Asiyatu tisanatuluke n'komwe m'tauni. Pofika pa Chinkhoma, pomwe malole a mabelo a fodya anali atandanda m'mbali mwa msewu, madalaivala atagona pansi pa magalimoto awo, mayiyu anali atatiuza kale za mwamuna wake, za shuga wake, ndi za mpongozi wake waulesi. Pa Bua apolisi anasuzumira, nawerenga mitu, dalaivala anatsika kukalankhula nawo, tinapitirira. Sitinayende mtunda wautali kuchoka pa mlatho pamene tinamva phuu! Galimoto inavina, amayi anakuwa dzina la Yesu, mayi Asiyatu anakuwa lawo, ndipo tinaima m'mbali mwa msewu tayala lakumbuyo litang'ambika. Atatsitsa sipeya anapeza nayonso yaphwa.

Kondakitala anaimitsa njinga yamoto, nakweza tayala pamiyendo, nati akupita ku Madisi, mphindi makumi awiri abwera. Ndalama zathu zonse zinapita naye m'thumba.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa munda. Ola linatha. Ola lachiwiri linayamba. Amayi a m'mudzi wapafupi anatulukira ndi mbatata yootcha ndi thobwa, ngati kuti tayalalo anachita kulitchera. Dalaivala anagona pa mpando wakutsogolo, miyendo ili pa windo. Foni ya kondakitala sinkapezeka. Ine ndinakwera pa chulu kusaka netiweki kuti ndiuze a kunyumba kuti tichedwa, ndipo pobwerera ndinapeza mayi Asiyatu atatembenukira kwa a Zimba, akuwasendera mbatata.

"Ndiye mukuti mlandu wa malo? Nanga zinayamba bwanji, agogo?"

Funso limenelo, lophweka choncho, ine loya wa zaka zambiri ndinali ndisanawafunsepo. Ndinakhala pa muzu n'kumamvera ndi khutu limodzi, poti nkhaniyo ndinkati ndikuidziwa.

Anayamba momwe ndinkaidziwira. Bwana anabwera kwa amalume awo ndi bulangete ndi shuga, napempha dambo kwa zaka zitatu. Amalume analola. Zaka zitatu zitatha kunabwera anthu oyeza ndi tcheni, naika mabikoni. Kenako kunabwera thalakitala ndi amuna a zibonga, ndipo mudzi wonse anausamutsira ku phiri la miyala.

"Kumeneko tinakhalako zaka zinayi," anatero a Zimba. "Chimanga chinkafika m'mawondo n'kumasula. Chaka chachinayi kunagwa njala. Ine ndinaika ana awiri mwezi umodzi, wamwamuna ndi wamkazi. Amalume anali atapita kale, wamkulu ndinatsala ine. Ndiye ndinapita ku ofesi ya esiteti, ndinavula chipewa, ndinagwada pa simenti. Ndinati, bwana, tibwerekeni kumtsinje kokha, tsiku limene mudzakufune tidzachoka. Anaseka, koma analola. Kalaliki wake analemba, ine ndinadinda chala. Ndi mmene tinabwererera kwathu, mama. Anatibwereka."

Ndinaimirira, ndinawagwira pa chigongono, ndinapita nawo kuseri kwa chulu kuja.

"Bambo, pepala la ku boma lija, pamene munati bwana anatibwereka malo, munkanena kubwereka kuti?"

"Kwachiwiriko. Anandifunsa kuti mukukhala bwanji mkati mwa esiteti ya eni ake. Ndinawayankha."

Womasulira amene ndinakhala ndikumunyoza m'makalata anga onse, kumutcha mbuli yosadziwa Chichewa, anali atamasulira bwinobwino.

"Zaka zisanu ndi chimodzi!" ndinatero. "Ndakhala pakhonde panu kangati? Bwanji simunandiuze?"

"Simunafunse, a loya. Inu mumabwera nkhani yanu mutaiphika kale, ine kwanga kumakhala kuvomera. Ndipo zonse zimene mumafunsa n'zoona. Anabweradi kudzabwereka. Sanabwezedi."

"Kumudzi akudziwa zimenezi?"

"Amene ankadziwa ali kumanda. Anawa amati tinabwerera tokha mwa mphamvu, bwana n'kutiopa. Sindinawauze ine zimenezo. Kungoti sindinawatsutse. Munthu sufuna adzukulu ako adziwe kuti unagwada."

"Nanga pepala munadindalo lili kuti?"

"Linatsala ku ofesi."

Maloya a esiteti anali asanalitulutse pepala limenelo. Mwina linadyedwa ndi chiswe, mwina linali m'bokosi lina eni atsopanowo asanalitsegule. Koma mboni ikangolitchula m'khoti, akanagwetsa denga kulifunafuna, ndipo ngakhale osalipeza, mawu a mwini chala akanakwanira. Mabanja onse aja akanapakira.

Ndinatsitsa mawu. Ndinachita chinthu chimene ndimaletsa maloya achinyamata.

"Mawa mukanene koyamba kokha. Bulangete, shuga, zaka zitatu, mabikoni. Basi."

"Akandifunsa kwachiwiri?"

"Mukati mwaiwala. Ndinu wamkulu, palibe angadabwe."

"Ndikhala nditagwira Baibulo?"

"Aliyense amagwira."

"Ndiye ndinena konse kuwiri." Anandiyang'ana m'maso. "Komanso mukuti ndikanene kuti ndaiwala chaka chimene ndinaika ana anga?"

Apa m'pamene ndinapsa mtima, ndipo sindinasamale kuti mawu anga akufika pansi pa mango paja. Ndinawauza kuti chilungamo chawocho n'chodzikonda, kuti akufuna kukalowa kumwamba ndi jekete yoyera pomwe ana a anzawo akugona pa miyala. Ndinati bwana uja anaba malo, ndipo wakuba sangabwereke munthu chinthu chimene wamubera, koma lamulo silimva zimenezo, limamva chala.

"Munagulitsa mudzi wonse ndi chala chanu chimodzi," ndinatero, "ndipo mawa mukufuna mukaugulitsenso kachiwiri ndi pakamwa."

Anawerama n'kuyamba kupukuta fumbi pa nsapato ndi mpango wa m'thumba. Pansi pa mango wina anaseka, wina anati, "Madala awa ndi ogulitsa eti?" Mayi Asiyatu anadzuka, nabwera mpaka pamaso panga.

"Bambo inu, manyazi mulibe? Awa si msinkhu wa bambo anu? Sukulu imeneyo munapitira kukaphunzira mwano?"

Ndinawauza kuti asamale za zitenje zawo. Mpaka lero mawu amene ndinanena kuseri kwa chulu chija amandiwawa kuposa mlandu uliwonse umene ndinaluza. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti munthu wanjala amagwada. Bambo anga omwe ndinawaonapo atagwadira kapitawo chifukwa cha ndowa ya chimanga.

Faifi koloko inakwana kondakitala osaoneka. Anthu anayamba kukangana ndi dalaivala, wina anatulutsa batire ya galimoto kuti ikhale chikole. Ine ndinaimitsa lole ya soya yopita ku Kanengo. Dalaivala wake anati kutsogolo kuli malo a munthu mmodzi, winayo akwere pamwamba pa matumba. Ndinawalozera a Zimba chitseko chakutsogolo.

"Khalani inu, a loya," anatero a Zimba. "Muli ndi mapepala."

Sindinakakamize. Ndinawathandiza kukwera, phazi pa tayala, phazi pa chitsulo, munthu wa zaka eyite, ndipo ine ndinakakhala kofunda. Pa Madisi tinamuona kondakitala wathu ali pa benchi akudya kanyenya, tayala lili pambali losamata. Pa Mponela dalaivala anaima theka la ola kukambirana ndi munthu wina za dizilo, ndipo ndinatsika kukasuzumira kumbuyo. A Zimba anali atadzipinda pakati pa matumba, jekete ataifunda kumutu, jumbo ataikumbatira. Ndinafunsa ngati ali bwino. Anati, "Yewo, tili bwino." Pofika pa Lumbadzi dzuwa linali litalowa, ndipo titatsika pa Kanengo miyendo yawo inakana kuwongoka, tinachita kuwanyamula awiri. Kunyumba mkazi wanga anawatenthetsera madzi osamba, nandifunsa chifukwa chake mlendo akunjenjemera chonchi. Ndinati ndi Juni.

M'mawa wa Lachinayi tinafika ku khoti nthawi isanakwane. Ndinawakhazika pa benchi ya m'khonde, pafupi ndi chitseko.

"Dikirani pano, bambo. Akakufunani akuitanani."

"Ndikalowa ndiwerame kaye kapena ndiyambe ndapereka moni?"

"Akuuzani momwemo."

Anakonza tayi, natulutsa Baibulo n'kuliika pamiyendo.

M'katimo ndinaimirira n'kuuza woweruza kuti mbali yathu siitananso mboni ina. Loya wa esiteti anakweza mutu, nandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinalankhula pafupifupi maola awiri za liwu lija. Ndinapereka chitsanzo cha khasu, cha njinga, cha poto. Ndinati liwu la matanthauzo awiri silingalande anthu nthaka ya makolo awo. Ndinkadziuza kuti sindikunama, pakuti liwulo lilidi ndi matanthauzo awiri. Sindinalankhulepo bwino chotero m'moyo wanga wonse, ndipo munthu amene ankadziwa tanthauzo lenileni anali kuseri kwa chitseko, mayadi asanu kuchoka pomwe ndinaima.

Ndinatuluka itadutsa thwelofu. Anali pomwe ndinawasiya. Mlonda anandiuza kuti anakana ngakhale kupita kuchimbudzi, kuopa kuti angaitanidwe iwo kulibe. Atandiona anaimirira, nakoka jekete.

"Tilowe?"

"Zatha, bambo. Tiyeni."

Anandiyang'ana, nayang'ana chitseko, nabweza Baibulo m'jumbo. Tinapita ku depoti. Ndinawapezera basi yaikulu ya ku Mzuzu, mpando wa pawindo, ndinalipira, ndinauza kondakitala kuti awatsitse pa Nkhamenya. Ndili pafupi kutsika, anandigwira dzanja.

"A loya, kumudzi akandifunsa kuti ndinanena chiyani, ndikati bwanji?"

"Mukati nthawi inatha, khoti linaweruka musanaitanidwe."

"Inathadi?"

Ndinayang'ana kukhomo la basi.

"Ndiye limenelo ndi bodza," anatero. "Nanga ndikanena zoona?"

"Mawa lake zimveka ku esiteti. Kumudzi kwanu kuli anthu ogwira ganyu kumeneko."

Anatembenukira ku windo.

"Chabwino. Sindikanena kanthu. Chimenecho ndingathe."

Chigamulo chinatuluka patapita miyezi isanu, ndipo tinaluza. Woweruza analemba, mwa zina, kuti mwini mawu aja ali moyo koma sanapereke umboni, ndipo khoti silingalote zimene akananena. Ndinachita apilo msanga, ndinapezanso chiletso choti anthu asachotsedwe mpaka apiloyo itamvedwa. Apilo imayenda ngati ngolo ya ng'ombe zodwala, ndipo pa mlandu uwu kuchedwa kwake ndiye chakudya chathu. Mpaka lero anthu aja akulimabe kumtsinje.

Koma mphunzitsi wina wa m'mudzimo anawawerengera anthu chigamulo chija m'Chichewa, ndipo anafika pa ndime ya mboni. Munthu tinamupempherera, anavala tayi, anakafika mpaka ku Lilongwe, osalankhula? Anamufunsa mkuluyo pabwalo, iye anangoti alibe mawu. Yankho analipeza okha, loti a esiteti anamudyetsa. Ena ankatchula ndi kuchuluka kwa ndalama zake, ena ankati anamuona akutsika galimoto ya bwana. Chigafa chake chinapsa fodya ali momwemo. Kutchalitchi anthu anayamba kudzuka pa benchi akakhalapo, mpaka anasiya yekha ukulu wa mpingo. Ana ankamuimba nyimbo popita kudambo. Zonsezi ndinkazimva, pakuti ankandiimbira foni kundiuza monyadira, ndipo ine ndinkangoti tiyeni tilimbe mtima, apilo ikuyenda. Chiganizo chimodzi chochoka pakamwa panga chikanamuyeretsa, koma chikanafunika chachiwiri chofotokoza chifukwa chake ndinamusiya pa benchi.

A Zimba anamwalira dzinja lotsatira. Ndinapita ku maliro. Adzukulu okumba manda anakhala pa mipini ya makasu awo mpaka masana, ati wogulitsa nthaka akakumbiridwe ndi amene anamugula. Nelesi anachita kukawagwadira m'matope, mvula ikuwaza, ndipo iwo anakumba monyinyirika dzenje losafika m'chiuno. Ine anandipatsa mpando wa pulasitiki kutsogolo, pansi pa tenti. Woyendetsa mwambo anati, "Tsopano atilankhule a loya athu, munthu amene sanatitaye ngakhale ena atatitaya." Ndinaimirira. Ndinapepesa anamfedwa, ndinati a Zimba anali munthu wopemphera, ndinati apilo ili m'manja abwino. Anthu anang'ung'udza mokhutira.

Nditatsanzika, Nelesi ananditsatira mpaka pomwe panaima njinga yamoto. Chitenje chake chinali chikadali ndi matope m'mawondo.

"A loya, pepani ndikuchedwetseni. Bambo ali pafupi kutisiya ndinawafunsa kuti ku Lilongwe kunachitika chiyani. Anati ndidzafunse inu."

Woyendetsa njinga anali atatchera khutu. Chapatali pang'ono panaima amuna awiri amene ndinkadziwa kuti amagwira ganyu ku esiteti.

"Nthawi inatha, mayi," ndinatero. "Khoti linaweruka asanaitanidwe."

Anandiyang'ana.

"Basi? Zomwezo? Nanga bwanji sanangonena choncho, anthu n'kuwasiya?"

Ndinakwera njinga, ndinauza woyendetsayo kuti tifulumire, mvula ingatitsekere kumtsinje.